Momwe mungawerengere ngati katswiri woponya mpira wa baseball akuyenera kontrakiti ya madola mamiliyoni mazana

Mu Disembala 2019, m'sabata imodzi yomweyo, akatswiri awiri adagwirizana ndi matimu pa ndalama zimene ligi ya Major League Baseball (MLB) inali isanalipirepo woponya mpira aliyense. Stephen Strasburg adatsala ku Washington Nationals pa $245 miliyoni ya zaka 7, Gerrit Cole n'kupita ku New York Yankees pa $324 miliyoni ya zaka 9. Cole adagwira ntchito yake masizoni angapo, ndipo mu 2023 adatenga mphoto ya Cy Young, imene imapita kwa woponya woposa onse mu ligi yake. Kenako mu Malichi 2025 adachitidwa opaleshoni ya chigongono, sizoni yonse ya chaka chimenecho n'kumudutsa. Strasburg adangoyamba masewero 8 basi, ma inning 31 ndi kagawo kamodzi (inning ndi chigawo cha gemu, ndipo gemu imakhala ndi zigawo 9), mpaka adasiyiratu kusewera mu 2024.

Onse awiri anali pachimake panthawi yosaina. Choncho kufunsa ngati munthuyo ndi katswiri sikungakufikitseni patali, pakuti amene amapatsidwa ndalama zoterezi onse ndi akatswiri. Chofunika kuwerengera ndi ichi: m'zaka zimene kontrakiti ikunena, adzaponya ma inning abwino angati, ndipo timu idzalipira zingati pa kupambana kulikonse kumene iye adzabweretse? Masamu ake si ovuta. Chovuta ndi kulimba mtima n'kuwakhulupirira pamene ochemerera onse akufuula kuti asainidwe lero lomwe.

Dziwani kaye chimene mukugula

Kontrakiti ya mu MLB siyibwezedwa. Wosewera akavulala, akafooka, kapena timu ikatopa naye n'kumuchotsa, malipiro ake amayendabe mpaka tsiku lomaliza. Arizona Diamondbacks idachotsa Madison Bumgarner mu Epulo 2023, m'chaka chachinayi cha kontrakiti ya zaka 5 ya $85 miliyoni, koma zotsalazo idalipirabe. Ndiye musamangoyang'ana malipiro a pachaka. Chulukitsani ndi zaka zonse, chifukwa katundu amene timu yadzisenzetsa ndi ameneyo.

Kenako msinkhu. Wosewera amamasuka kusankha timu akakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu, ndipo chaka chimawerengedwa chathunthu akakhala pa mndandanda wa timu masiku 172. Oponya ambiri amafika pamsika ali ndi zaka 29, 30 kapena 31, pamene zaka zawo zamphamvu ndiponso zotsika mtengo timu yakale idadyerera kale. Mukamupatsa zaka 7 munthu wa zaka 30, mukugula mkono wake mpaka adzafike 36 kapena 37. N'chifukwa chake Los Angeles Dodgers idalolera kupereka zaka 12 ndi $325 miliyoni kwa Yoshinobu Yamamoto mu Disembala 2023, asanaponyepo mpira ngakhale umodzi mu MLB: anali ndi zaka 25 zokha, msinkhu umene oponya okulira mu ligiyi safika nawo pamsika.

Pa sizoni ya masewero 162, woponya woyambitsa gemu amaponya kamodzi pa masewero asanu aliwonse, ndiye kuti maulendo 32 kapena 33 ngati sadavulale. Malipiro a $35 miliyoni pachaka akutanthauza ndalama zopitirira $1 miliyoni tsiku lililonse limene wagwira mpira.

Ziwerengero zoyenera kutaya ndi zoyenera kusunga

Tayani chiwerengero cha masewero amene wapambana ndi kugonja. Chimadalira kwambiri anzake omenya mpira. Mu 2018 Jacob deGrom adapambana masewero 10 n'kugonja 9 ku New York Mets, chikhalirecho palibe amene ankaponya bwino kuposa iye chaka chimenecho, ndipo Cy Young idapita kwa iye.

ERA, imene ndi avereji ya ma run (zigoli za mu baseball) amene woponya amalola pa ma inning 9 aliwonse, ndiyabwinoko, koma nayo imanyenga. Imakuuzani zimene zidachitika, osati zimene zidzachitike. Mpira ukamenyedwa n'kugwera m'bwalo, kaya ugwidwa kaya ayi zimadalira liwiro la otchinga kumbuyo kwake, kukula kwa bwalo, ndi mwayi. Voros McCracken adaonetsa zimenezi mu 2001, ndipo kuyambira pamenepo matimu amasiyanitsa zimene woponya amazilamulira yekha ndi zimene sazilamulira. Zake zenizeni ndi zitatu: ma strikeout, pamene womenya watuluka asanauike mpira m'bwalo, ma walk, pamene wamupatsa base yaulere chifukwa chophonya zoni kanayi, ndi ma home run, pamene mpira watuluka mpanda.

Chiwerengero chimene chimaphatikiza zitatuzi ndi FIP, ndipo mukhoza kuchiwerengera nokha. Chulukitsani ma home run ndi 13. Chulukitsani ma walk, pamodzi ndi omenya amene wawagenda ndi mpira, ndi 3. Phatikizani ziwirizo, chotsanipo ma strikeout ochulukitsidwa ndi 2, gawani ndi ma inning, kenako onjezani nambala imene imasintha pang'ono chaka ndi chaka koma imakhala cha m'ma 3.10. Tiyerekeze oponya awiri, aliyense ma inning 180 ndi ERA ya 3.00. Woyamba walola ma home run 20, ma walk 45, ndipo ali ndi ma strikeout 200: FIP yake ikutuluka 3.07. Wachiwiri walola ma home run 24, ma walk 65, ma strikeout ake 150: FIP yake ndi 4.25. Panyuzipepala awiriwa akuoneka ofanana. Woyambayo ndi wabwinodi, pamene wachiwiriyo wanyamulidwa ndi anzake ndi mwayi, ndipo mwayiwo sapita nawo ku timu yatsopano.

Kuti mutsimikize, onani BABIP, gawo la mipira yogwera m'bwalo imene imasanduka ma hit, womenya n'kufika pa base osatulutsidwa. Mu ligi yonse imakhala pakati pa .290 ndi .300. Woponya amene chaka chake chomaliza asanafike pamsika ali ndi .250, pamene zaka zonse ankakhala pa .295, mtengo wake wafufuma ndi chinthu chimene sichidzabwereranso.

Chiwerengero china chosavuta, chimene ife timachidalira kwambiri, ndi kuchotsa peresenti ya ma walk pa peresenti ya ma strikeout. M'zaka zaposachedwapa avereji ya ligi ndi ma strikeout pafupifupi 22 pa omenya 100 aliwonse ndi ma walk 8, kusiyana kwake 14. Munthu wofuna $30 miliyoni pachaka azikhala pa 20 kapena kupitirira, osati chaka chimodzi chokha. Ndipo onani kumene chiwerengerocho chikulowera. Barry Zito adatenga Cy Young mu 2002, koma mu 2006, chaka chake chomaliza ku Oakland, anali ndi ma strikeout 151 ndi ma walk 99 pa ma inning 221. Chenjezo linali poyera. San Francisco Giants idamupatsabe $126 miliyoni ya zaka 7, ndipo m'zaka zonsezo ERA yake inali 4.62. Yerekezani ndi Max Scherzer, amene adafika pamsika atachita ma strikeout 240 mu 2013 ndi 252 mu 2014. Washington idamupatsa $210 miliyoni ya zaka 7, iye n'kubweza ndi ma Cy Young awiri, mu 2016 ndi 2017, ndi chikho cha World Series mu 2019.

Amawatulutsa ndi chiyani omenyawo?

Kuyambira 2015 makina a Statcast amayeza mpira uliwonse woponyedwa mu ligi, ndipo zotsatira zake aliyense akhoza kuziona pa tsamba la pa intaneti la Baseball Savant. Lembani avereji ya liwiro la fastball yake, mpira umene amauponya mwaliwiro kwambiri, kwa masizoni anayi apitawo. Avereji ya ligi tsopano ili cha m'ma mailosi 94 pa ola, pafupifupi makilomita 151. Liwiro likatsika ndi mailosi imodzi pachaka kwa zaka ziwiri zotsatizana, musazitenge mopepuka. Poyerekeza, fanizirani Epulo ndi Epulo mnzake, Ogasiti ndi Ogasiti mnzake, chifukwa oponya ambiri amayamba sizoni mozizira, liwiro n'kumakwera kukamafunda.

Liwiro lidzatsika ndithu, palibe amene amalisunga mpaka kalekale. Funsani kuti likadzatsika adzatsala ndi chiyani. Zack Greinke anali ndi mitundu yambiri ya mipira ndi luso loika mpira pamene wafuna, moti mu 2019, ali ndi zaka 35 ndipo fastball yake itatsika kufika cha m'ma 90, ERA yake inali 2.93. Patrick Corbin ankadalira kwambiri slider, mpira wokhotera cham'mbali. Washington idamupatsa $140 miliyoni ya zaka 6 mu Disembala 2018. Chaka choyamba adachita bwino, n'kuthandiza kutenga chikho, koma kuyambira 2021 mpaka 2024 ERA yake sidatsikepo pansi pa 5.00. Woponya wodalira mpira umodzi kapena iwiri amavutikanso omenya akamakumana naye kachitatu pagemu imodzi, chifukwa amakhala ataona kale zonse zimene ali nazo, ndipo kochi amakakamizika kumutulutsa msanga.

Musaiwale bwalo limene akupitako. Mike Hampton adasaina $121 miliyoni ya zaka 8 ndi Colorado Rockies mu Disembala 2000. Bwalo la Coors Field ku Denver lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya wake ndi wopepuka, mpira sukhota bwino ndipo umauluka patali. ERA yake idachoka pa 3.14 ku Mets kufika 5.41 mu 2001 ndi 6.15 mu 2002, timu n'kumugulitsa.

Mkono

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo apa mpamene makontrakiti ambiri amafera. Kuponya mpira pa liwiro limeneli kumakoka kamtsempha ka m'kati mwa chigongono, kotchedwa UCL, mpaka pafupi ndi malire a mphamvu zake. Kakaduka, amakasokerera kena pa opaleshoni ya Tommy John, imene dokotala Frank Jobe adaichita koyamba mu 1974. Woponya amakhala panja miyezi 12 mpaka 18, ndipo sizoni yoyamba atabwerera timu imamuchepetsera ma inning. Pafupifupi mmodzi mwa oponya atatu aliwonse mu MLB adachitidwapo opaleshoni imeneyi. Ndiye musaitenge ngati ngozi yogwa mwadzidzidzi. Ndi mtengo umene muyenera kuuika m'masamu kuyambira pachiyambi.

Tengani pepala, lembani masewero amene wayamba ndi ma inning amene waponya chaka chilichonse kwa zaka 5 zapitazo. Chaka chomaliza chokha chimasocheretsa, chifukwa ndi chimene aliyense akukumbukira. Strasburg adaponya ma inning 209 mu 2019, n'kusankhidwa wosewera wopambana mu World Series. Koma kuyambira 2015 mpaka 2018 sadafikepo masewero 30 pachaka, ndipo chigongono chake chinali chitasokedwa kale mu 2010. DeGrom adayamba masewero 15 mu 2021 ndi 11 mu 2022. Texas Rangers idamupatsa $185 miliyoni ya zaka 5 ali ndi zaka 34. Atayamba masewero 6 okha mu 2023 chigongono chidadukanso, ndipo timu idatenga chikho chaka chimenecho iye akuonerera. Scherzer asanasaine ku Washington anali atayamba masewero 30 kapena kupitirira chaka chilichonse kuyambira 2009. Kusiyana kumeneku kunalipo papepala matimu asanasaine.

Kuvulala sikufanana konse. Mwendo wobinya, nthiti zokokeka, kapena chala chothyoledwa ndi mpira womenyedwa, zimenezo zimapola n'kuiwalika. Chigongono chosokedwa kamodzi, mwini wake ataponyanso masizoni awiri athunthu bwinobwino, si chifukwa chothawira. Zack Wheeler adaphonya 2015 ndi 2016 yonse, adabwerera mwamphamvu mu 2018 ndi 2019, Philadelphia Phillies n'kumupeza pa $118 miliyoni ya zaka 5. Mu 2021 ndi 2024 adakhala wachiwiri pa mavoti a Cy Young, ndipo imeneyo ndi imodzi mwa makontrakiti opindulitsa kwambiri amene woponya adasainapo. Opaleshoni yachiwiri ya chigongono chomwecho ndi yokayikitsa kuposa yoyamba. Phewa ndiye loopsa kwambiri, chifukwa lili ndi minofu ndi mitsempha yambiri yogwira ntchito pamodzi, ndipo ambiri amene lidawavuta sabwereranso mwakale. Johan Santana adaphonya 2011 yonse ndi 2013 yonse ku Mets chifukwa cha phewa, ali pa kontrakiti ya $137.5 miliyoni. Vutoli si lachilendo: Wayne Garland adasaina zaka 10 ndi Cleveland mu 1976, osewera atangoyamba kumene kumasuka kusankha timu, phewa n'kung'ambika koyambirira kwenikweni. Palinso vuto la mitsempha yofinyidwa pakati pa khosi ndi phewa, limene madokotala amachotsera nthiti yoyamba. Ndi limene lidathetsa ntchito ya Strasburg.

Samalaninso ndi malipoti onena kuti minofu ya mkono pakati pa chigongono ndi dzanja yakokeka. Minofu imeneyo ndi imene imateteza UCL, ndipo kawirikawiri kudandaula kwake kumatsogolera kuduka kwa mtsemphawo.

Koma mbiri yoyera si chitsimikizo. Corbin Burnes anali mmodzi mwa oponya olimba kwambiri mu ligi pamene Arizona idamupatsa $210 miliyoni ya zaka 6 mu Disembala 2024, ndipo mu Juni 2025 adachitidwa Tommy John. Mbiri imachepetsa chiopsezo, siyichichotsa.

Kontrakiti siyitsimikizika wosewera asanapimidwe ndi madokotala a timu, kuphatikizapo kujambulidwa ndi makina a MRI. Timu isachite manyazi kubwerera m'mbuyo pamenepa. Giants mu Disembala 2022, ndi Mets mu Januwale 2023, onse adasiya mgwirizano wa ndalama zopitirira $300 miliyoni ndi Carlos Correa, amene si woponya, ataona kakolo wake. Za inshulansi musadalire kwambiri: imadula, imabweza gawo chabe la malipiro, ndipo makampani amakonda kupatula chiwalo chimene chidavulalapo kale, chomwecho chimene mukuchiopacho.

Masamu ake

Muyeso umene umasandutsa ntchito ya wosewera kukhala ndalama ndi WAR, kutanthauza masewero amene timu imapambana chifukwa chokhala naye m'malo mwa wosewera wamba wotengedwa ku ligi zapansi. Kupulumutsa ma run pafupifupi 10 ndiye WAR imodzi. Tsamba la pa intaneti la FanGraphs limawerengera WAR ya oponya kuchokera ku FIP, pamene la Baseball-Reference limayambira pa ma run amene adalowadi. Onani zonse ziwiri, ndipo zikasiyana kwambiri fufuzani chifukwa chake. Woponya wapakatikati amakhala ndi 2 pachaka, wabwino kwambiri 4 kapena 5, wopikisana pa Cy Young 6 kupita m'mwamba.

Tengani WAR ya zaka zitatu zapitazo. Ya chaka chatha chulukitsani ndi 3, ya dzana ndi 2, ya dzana lina ndi 1, phatikizani n'kugawa ndi 6. Tiyerekeze woponya wa zaka 30 amene ali ndi 6.0 chaka chatha, 4.5 chaka chinacho, ndi 3.0 chinzakecho. Yankho ndi 5.0. Tsitsani pang'ono, tinene kufika 4.5, chifukwa amene ali pamwamba chotere nthawi zambiri mwayi udamuthandizako, ndipo chaka chamawa adzakhala atakulako. Mukhoza kufanizira yankho lanu ndi zolosera za ZiPS kapena Steamer, zimene zimasindikizidwa pa FanGraphs.

Tsopano chotsani theka la WAR imodzi chaka chilichonse chotsatira, monga amachitira ambiri owerengera zimenezi kwa wosewera wopitirira zaka 30. Zaka 7 zikupereka 4.5, 4.0, 3.5, 3.0, 2.5, 2.0 ndi 1.5, zonse pamodzi 21. Pamsika wa osewera omasuka WAR imodzi yakhala ikugulidwa pakati pa $8 miliyoni ndi $10 miliyoni. Titenge $9 miliyoni. Munthuyu akuyenera $189 miliyoni pa zaka 7.

Ejenti wake akapempha $245 miliyoni, ndiye kuti $35 miliyoni pachaka, ikani ziwerengero ziwirizo pambali pa chinzake chaka ndi chaka. Chaka choyamba ntchito yake ndi ya $40.5 miliyoni, timu yapindula. Chachiwiri $36 miliyoni, zangofanana. Chachitatu $31.5 miliyoni, kutaya kwayamba. Chachisanu ndi chimodzi $18 miliyoni, chomaliza $13.5 miliyoni. Zaka ziwiri zomalizazo timu idzalipira $70 miliyoni pa ntchito ya $31.5 miliyoni. Zaka zimenezo ndi ngongole ya zaka zoyambirira, ndipo idzabwezedwa pamene mwina amene adasainitsa kontrakitiyo adachoka kale pampando.

Onaninso chimene chimachitika chigongono chikaduka msanga. Akaphonya chaka chachiwiri chonse ndi theka la chachitatu, zatayika WAR 5.75, pafupifupi $52 miliyoni, ndipo zatayika m'zaka zomwezo zimene timu inkayembekezera kupindula. Kuchotsa theka la WAR pachaka kuja kumaphatikizamo kale kuvulala kwa woponya wamba, choncho musachotse kawiri kwa munthu wa mbiri yoyera. Koma kwa amene mbiri yake ili ndi mipata, yerekezani nokha mwayi woti zichitike, chulukitsani ndi ndalama zotayikazo, muchotse pa mtengo. Mukaika mwayiwo pa gawo limodzi mwa atatu, muchotsa $17 miliyoni.

Kumbukiraninso kuti ma inning achepa mu ligi yonse. Mu 2010 oponya oposa 40 adafika ma inning 200. Mu 2024 adangofika anayi. Polosera, 175 kapena 180 ndi chiwerengero chabwino kwa munthu wathanzi.

Ndalama zosaoneka pamutu wa nkhani

MLB ilibe malire okhwima a malipiro, koma ili ndi msonkho kwa timu imene malipiro ake onse adutsa mzere. Mzerewo unali $237 miliyoni mu 2024, $241 miliyoni mu 2025, ndipo ndi $244 miliyoni mu 2026. Timu yodutsa koyamba imalipira 20 peresenti ya ndalama zodutsazo, chaka chachiwiri chotsatizana 30, chachitatu 50, ndipo pali zoonjezera kwa odutsa ndi $20 miliyoni, $40 miliyoni ndi $60 miliyoni. Amene ali pamwamba penipeni amalipira 110 peresenti. Kwa timu yotero, woponya wa $35 miliyoni amadya $73.5 miliyoni pachaka. Msonkhowu umawerengera avereji ya malipiro a kontrakiti yonse, n'chifukwa chake matimu olemera nthawi zina amaonjeza dala zaka kuti avereji itsike. Mukaona zaka zambiri modabwitsa, yang'anani kaye kumeneko.

Ngati timu yakale idamupatsa qualifying offer, kontrakiti ya chaka chimodzi imene kumapeto kwa 2024 inali $21.05 miliyoni, iye n'kukana, timu yomusaina imataya mwayi wosankha achinyamata pa draft. Timu yolipira msonkho imataya mwayi wake wachiwiri ndi wachisanu, kuphatikizapo $1 miliyoni ya ndalama zosainira achinyamata akunja. Wosewera amene adagulitsidwa sizoni ili m'kati sangapatsidwe qualifying offer, ndiye amabwera wopanda chilango chimenechi. Wochokera ku ligi ya Japan kudzera mu posting, njira imene timu yake imamulolera kupita ku MLB, amabwera ndi bilu ina yopita ku timu yake: 20 peresenti ya $25 miliyoni yoyamba, 17.5 ya $25 miliyoni yotsatira, ndi 15 ya zotsala. Pa Yamamoto, Orix Buffaloes idalandira $50.6 miliyoni.

Mbali ina, ndalama zochedwetsedwa zimatsitsa mtengo weniweni. Theka la $210 miliyoni ya Scherzer lidaikidwa kuti lilipidwe kuyambira 2022 mpaka 2028, kontrakiti itatha kale. Pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti, $10 miliyoni yodzalipidwa patapita zaka 10 ikufanana ndi $6.1 miliyoni ya lero. Sinthani malipiro onse akhale a mtengo wa lero musanafanizire makontrakiti awiri.

Mfundo za m'kontrakiti

Mfundo yolola wosewera kutuluka pakati pa kontrakiti imaoneka yaing'ono, koma imasintha zonse. Akachita bwino amachoka, akavulala amatsala, ndiye timu yatenga chiopsezo chonse n'kugawana phindu. Greinke adatuluka m'kontrakiti yake ya $147 miliyoni ku Dodgers atamaliza 2015 ndi ERA ya 1.66, n'kukasaina $206.5 miliyoni ku Arizona. Timu ikavomera mfundo imeneyi, mtengo wonse utsike. Chimodzimodzi mfundo yoletsa kumugulitsa popanda chilolezo chake, imene imatseka khomo lokhalo lothawira zinthu zikavuta; ngakhale popanda mfundoyo, wosewera wa zaka 10 mu ligi, 5 zomaliza pa timu imodzi, amakhala ndi ufulu wokana.

Timu nayo ili ndi chodzitetezera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sichigwiritsidwa ntchito mokwanira. Boston Red Sox posainitsa John Lackey $82.5 miliyoni mu Disembala 2009 idaikamo mfundo yoti chigongono chake chakalecho chikadzamugoneka nthawi yaitali, adzaonjeza chaka chimodzi pa malipiro otsikitsitsa a ligi. Adachitidwadi Tommy John, adaphonya 2012, ndipo mu 2015 adaponyera St. Louis Cardinals pa malipiro amenewo. Kwa woponya aliyense wa chigongono chokayikitsa, pemphani mfundo yotere.

Kufupikitsa zaka n'kukweza malipiro a pachaka kumachepetsa ngongole yakutsogolo, koma si mankhwala a zonse. Mets idapereka $130 miliyoni ya zaka 3 kwa Scherzer ndi pafupifupi $87 miliyoni ya zaka 2 kwa Justin Verlander, onse atayandikira zaka 40, ndipo pakati pa 2023 idawagulitsa onse awiri uku ikuwalipirira gawo lalikulu la malipiro.

Timu yanu ili pati?

Woponya yemweyo pa mtengo womwewo akhoza kuyenera timu ina osayenera inzake. Chotsani WAR ya amene akumulowa m'malo: ngati woponya wachisanu wa timuyo ali ndi 1.0, katswiri wa 4.5 akuonjeza masewero atatu ndi theka. Kwa timu yopambana masewero 70, kufika 73 kapena 74 sikusintha kanthu, ndipo ikamadzakhwima iye adzakhala m'zaka zake zangongole. Kwa timu ya 85, masewero amenewo akhoza kuilowetsa m'ndime yachipulula, imene kuyambira 2022 imatenga matimu 12, ndipo Arizona idafika mu World Series ya 2023 itapambana 84 okha.

Mu Okutobala katswiri amalemera kuposa mmene WAR imasonyezera, chifukwa masiku opuma amachuluka ndipo timu imadalira oponya atatu kapena anayi okha. Oponya awiri a WAR 2 aliyense amafanana ndi mmodzi wa 4 pa sizoni yaitali, koma pa gemu yoti wogonja apita kwawo mumaponyetsa mmodzi. Mu World Series ya 2025 Yamamoto adapambana masewero atatu mwa anayi amene Dodgers idagonjetsa Toronto Blue Jays, lomaliza atalowa ngati wothandizira, tsiku limodzi chabe atayambitsa gemu yachisanu ndi chimodzi.

Chifukwa cha zimenezi, timu imene ili pafupi ndi chikho ikhoza kudutsa masamu ake, ndipo m'maganizo athu 10 mpaka 15 peresenti ndi pokwanira. Pa chitsanzo chathu chija, $189 miliyoni ikhoza kukwera kufika cha m'ma $215 miliyoni, osati $245 miliyoni. Lembani malirewo zokambirana zisanayambe, chifukwa matimu angapo akamalimbirana munthu mmodzi, amene amamupeza kawirikawiri ndi amene wamuyerekeza mopitirira onse. Ejenti akakankha, onjezani pa malipiro a zaka 5 zoyamba, kapena perekani chaka chachisanu ndi chimodzi chimene chidzatsimikizike pokhapokha ataponya ma inning 170 m'chaka chachisanu ndipo madokotala atapeza mkono uli bwino.